Tidaona mateche a Jet Li, nkhani ya madobadoba idatipita

Ife amene tidakula m'zaka za m'ma 1990 tikuidziwa bwino vidiyo sho. Kachipinda kamdima, mawindo otseka ndi makatoni, mabenchi ogwedera, sipika ili panja kuti odutsa amve kuti zayambika. Ambirife m'menemo ndimo tidamuonera koyamba Jet Li atavala mkanjo, mutu wometa kutsogolo, tsitsi loluka likulendewera kumsana, ambulera ili m'manja. Filimuyo inali Once Upon a Time in China, ngakhale ife dzinalo tidalibe nalo ntchito. Tinkangoti "ya makwerero ija."

Chiyankhulo chawo sitinkachimva, ndipo Chingerezi cholembedwa m'munsi chinkathamanga kuposa maso athu. Anthu a mufilimu akakhala pansi n'kuyamba kukambirana, tonse tinkakuwa kuti mwini vidiyo aithamangitse ifike pandewu. Potuluka aliyense ankakhala Wong Fei-hung, kuponyerana mateche mpaka kunyumba.

Masiku apitawa ndidaioneranso, ulendo uno mwachifatse, osadumpha paliponse. Abale, zomwe tinkathamangitsa zija ndiye zidali nkhani yeniyeni. Ambiri timaikumbuka ngati filimu ya Mtchaina wolimba mtima amene akuthambitsa azungu odyera anthu ake masuku pamutu. Zimenezo zilimo ndithu. Koma ukaonetsetsa, zibakera zambiri za Wong Fei-hung zikugwera Matchaina anzake. Amene adaikonza, Tsui Hark, sadachite zimenezo mwangozi. Mfundo yake, yomwe ine ndikugwirizana nayo, ndi yakuti mlendo sangagule munthu m'mudzi popanda mwana wa m'mudzi momwemo womulozera khomo.

Filimuyi idatuluka ku Hong Kong mu 1991. Wong Fei-hung adali munthu weniweni. Adabadwa mu 1847 m'chigawo cha Guangdong, kummwera kwa China, ndipo adali katswiri wa kung fu ya mtundu wa Hung Gar komanso sing'anga wa mankhwala azitsamba, mwini kachipatala kotchedwa Po Chi Lam. Mafilimu onena za iye adapitirira 100. Kwan Tak-hing yekha adasewera ngati Wong m'mafilimu oposa 70 kuyambira mu 1949, naye Jackie Chan adamusewerapo mu Drunken Master ya 1978. Zambiri za m'mafilimu amenewa n'zopeka, ndipo iyi nayo n'chimodzimodzi. Chomwe sichopeka ndi dziko lomwe Tsui Hark adamuikamo munthuyu.

Kuti timvetse dzikolo, tibwerere mmbuyo pang'ono. Angerezi ankafuna tiyi wa ku China, koma Matchaina analibe chidwi kwenikweni ndi katundu wa Angerezi. Njira yomwe amalonda a ku Britain adapeza idali kugulitsa opium, mankhwala ozunguza bongo olimidwa ku India. Mu 1839, nduna ya mfumu ya China, Lin Zexu, idalanda mabokosi a mankhwalawa oposa 20,000 n'kuwaononga ku Humen. Britain idayankha ndi zombo zankhondo. China itagonja, mu 1842 idasainira pangano la Nanking: chilumba cha Hong Kong chidapita kwa Angerezi, madoko asanu adatsegulidwa kuti alendo achitiremo malonda, ndipo China idalipira chindapusa cha madola asiliva 21 miliyoni. Mapangano ena otsatira adati mzungu akalakwa ku China asazengedwe mlandu m'makhoti a China. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1860, dera la Kowloon lidapitanso, ndipo boma la China lidavomera kuti anthu ake azitengedwa pazombo za alendo kukagwira ntchito kunja.

Filimu ikuyambira pomwepo. Wong ali pachombo cha Liu Yongfu, mtsogoleri wa gulu lankhondo la Black Flag, kuonerera gule wa mkango. Makombola achikondwerero akuphulika, asilikali a chombo cha France chomwe chili chapafupi akuganiza kuti akuomberedwa, basi akutsegula mfuti. Wovina akuvulala, Wong akunyamula mutu wa mkangowo n'kumalizitsa guleyo. Kenaka Liu, amene akupita kukamenyana ndi Afalansa ku Vietnam, akupatsa Wong chokupizira mphepo cholembedwa mapangano onse okondera omwe dziko lawo lidakakamizidwa kusainira. Tili ana tinkangoona fani. Lero ndikuona kuti msilikali uja akumuuza mnzake kuti chomwe chamanga dziko lawo ndi mapepala, ndipo aziyenda nawo kuti asaiwale.

Pali kachigawo kena kachidule m'tauni ya Foshan, komwe nkhani yonse ikuchitikira. Amishoni akudutsa mumsewu akuimba nyimbo zawo, oimba a Chitchaina akukweza zoimbira zawo kuti awapose, nawo amishoni akukweza mawu. Mwadzidzidzi sitima yapamadzi ikuliza lipenga lake kudoko, onse ziii. Popanda woyankhula, filimu yanena kale kuti pamene anthu akulimbirana za miyambo ndi mapemphero, mwini mphamvu ndi amene ali ndi sitima.

Sitimayo ili padoko kudikira katundu, ndipo katunduyo ndi anthu. Golide atapezeka ku California mu 1848, anthu a ku Guangdong adayamba kutchula dera limenelo kuti Phiri la Golide. Mufilimumu, munthu wa ku America dzina lake Jackson akuchita malonda otumiza anthu kumeneko, ndipo amene akuyenda m'misewu kukopa amphawi ndi Matchaina anzawo. Kenaka ku Po Chi Lam kukufika munthu wina amene wathawa ku Phiri la Golide kuja, thupi litatheratu, kudzafotokoza zomwe adakaziona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa mbiri yeniyeni ndi yowawa kuposa filimu. Ambiri amene adapita ku California ankapita pangongole ya tikiti, n'kumakabweza ndi thukuta. Adamanga gawo lalikulu la njanji ya Central Pacific yomwe idatha mu 1869, koma pofika 1882 America idakhazikitsa lamulo loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikomo. Koopsa kwambiri kudali ku Cuba ndi ku Peru. Pakati pa 1847 ndi 1874, amuna oposa 200,000 adatengedwa, ambiri kudzera padoko la Macau, kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe ndi kukakumba zitosi za mbalame zopangira feteleza. Ena adanamizidwa, ena adagwidwa chifukwa cha ngongole za juga, ena adachita kubedwa. Anthu a ku Guangdong adawapatsa dzina malonda amenewa: kugulitsa tiana ta nkhumba. Kapitawo wa chombo sankadziwa mudzi ngakhale umodzi. Amene ankadziwa kuti mnyamata wakuti ali pangongole, wakuti makolo ake adamwalira, adali anthu a komweko, olipidwa pamutu uliwonse womwe abweretsa. Kwathu kuno tikadawatchula kuti madobadoba.

Madobadoba a mufilimuyi ndi gulu la zigawenga la Shaho. Poyamba ndi timbava ta pamsika, tolanda ndalama kwa ochita malonda. Atalimbana ndi anyamata a Wong n'kuotcha Po Chi Lam, akuthawira kwa Jackson kuti awabise, poti pamalo pa mzungu boma la Foshan silingafikepo. Malipiro awo ndi otani? Akulonjeza kumubweretsera akazi oti akawagulitse kutsidya la nyanja. Jackson sakuchita kupita m'makwalala kukagwira mtsikana aliyense. Iye ali ndi chombo, mfuti ndi pangano lomuteteza. Ntchito yonyansayo akumugwirira ana a m'deralo.

Nanga boma lili kuti? Akuluakulu a boma mufilimumu mantha awo ali pa azungu, ukali wawo uli pa Wong. Ndewu ikabuka, omangidwa ndi anyamata amene Wong amawaphunzitsa kuteteza tauni, zigawenga zili phee. Nawo anthu wamba sakutuluka oyera. Wong atamugwira mkulu wa zigawenga zija, akufunafuna woti akaikire umboni, koma onse amene akhala akulandidwa ndalama akuyang'ana kumbali. Mkuluyo akumasulidwa. Kunena zoona, pamenepa m'pamene padandiwawa kwambiri, chifukwa anthu amenewa ndikuwadziwa. Tonse timaidziwa mbava ya m'dera lathu, koma likafika tsiku la kukhoti aliyense amakhala ndi maliro kumudzi.

Munthu amene sachoka m'maganizo mwanga ndi Yim, mphunzitsi wa kung fu uja ankati thupi lake lili ngati malaya achitsulo. Tili ana tinkamutenga ngati bwana wa adani, woti ekita amumalize kumapeto. Muonereninso. Tikukumana naye koyamba ali mumsewu, akupinda mikondo ndi khosi lake kuti odutsa amuponyere timakobiri, kenaka n'kumatola pansi mvula ikumukhuthukira. Luso ali nalo, mwina lofanana ndi la Wong. Chomwe alibe ndi chakudya ndi dzina. Akufuna atsegule sukulu yake ku Foshan, ndipo njira yomwe akuiona ndi kugonjetsa Wong pamaso pa anthu. Zigawenga zija zikumupatsa ndalama ndi ulemu, iye akulandira, akudziwa bwino lomwe kuti ndi anthu otani. Wophunzira wake, Leung Foon, akumuchenjeza koma sizikumveka.

Ndewu ya makwerero ija, yomwe idatipangitsa kuthyola mipanda ya eni, ikuchitikira m'nyumba yosungiramo katundu kudoko, pafupi ndi pomwe atsekera akazi oti agulitsidwe. Taganizani: akatswiri awiri oposa onse m'tauniyo akuthyolana nthiti, pamene chombo cha Jackson chikukonzeka kunyamuka ndi alongo awo. Yim akugonja, ndipo zikuululika kuti adabisa kampeni kunsonga ya tsitsi lake. Posakhalitsa akukumana ndi asilikali a mfuti, zipolopolo zikumuboola thupi lachitsulo lija. Mawu ake omaliza kwa Wong ndi ovomereza kuti kung fu yawo singalimbane ndi mfuti.

Filimu ya kung fu kunena zimenezo ndi kulimba mtima. Pambuyo pa nthawi yomwe nkhaniyi ikuchitika, mu 1900, anthu masauzande a gulu lomwe azungu adalitcha Boxers adakhulupiriradi kuti miyambo yawo iwateteza ku zipolopolo, ndipo adaphedwa ngati ziwala. Tsui Hark ankaidziwa mbiri imeneyo. Inde, kumapeto Wong akupha Jackson pomuthethetsa chipolopolo pamphumi ndi chala chokha, ndipo ife tidaimirira pamabenchi kuombera m'manja. Imeneyo ndi mphatso ya oonerera, poti ekita safa. Koma zoona zenizeni wanena ndi Yim uja ali gone m'magazi.

Chomwe ndikuikondera nkhani ya Yim n'chakuti ikutikaniza yankho lophweka. N'kosavuta kutukwana dobadoba. Chovuta ndi kufunsa chomwe chimachititsa munthu waluso kugulitsa manja ake kwa zigawenga. Dziko likalephera kudyetsa akatswiri ake, ena adzawadyetsa, ndipo adzawatuma zomwe akufuna. Sindikumuchotsera mlandu Yim, poti Foon nayenso adali ndi njala koma adabwerera. Ndikungonena kuti amene akufuna kuthana ndi Jackson ayambe waonetsetsa kuti anthu ngati Yim sakutola makobiri m'matope.

Wina anena kuti filimuyi ndi yodana ndi alendo basi, ndipo azungu ake ndi zidole zongokuwa ndi kuombera. Mbali ina akunena zoona. Jackson alibe mbiri, alibe maganizo, ndi chilombo chabe, ndipo asilikali achizungu amasewera moseketsa. Koma taonani anthu atatu awa. Amene akulimba mtima kukaikira umboni za kuotchedwa kwa Po Chi Lam, Matchaina onse atakhala chete, ndi wansembe wachizungu, ndipo pambuyo pake akufa ndi chipolopolo chomwe chimalunjika kwa Wong. Wachiwiri ndi mayi amene Wong amamutchula kuti Azakhali a Nambala 13, woseweredwa ndi Rosamund Kwan, amene wabwera kuchokera kunja atavala zachizungu, kamera ili m'manja. Wachitatu ndi So, wophunzira wa Wong amene adakhalitsa ku America, wachibwibwi akamayankhula chiyankhulo cha makolo ake koma Chingerezi chimangotuluka ngati madzi. Anzake amamuseka, chonsecho pofunika kumva zomwe alendo akunena, onse amayang'ana kwa iye. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Filimuyi sikukana kalumoko. Ikungofunsa kuti chogwirira chili m'manja mwa yani.

Izi sizodabwitsa tikaona amene adaipanga ndi nthawi yake. Tsui Hark adakulira ku Saigon, m'dziko la Vietnam, n'kukaphunzira za mafilimu ku Texas. Mu 1991 anthu a ku Hong Kong adali pakati pa mapanga awiri. Britain ndi China zidagwirizana kale mu 1984 kuti mzindawo ubwerera ku China mu 1997, ndipo eni mzinda sadakhale nawo pagome. Mu 1989 adaona asilikali a China akuombera anthu awo omwe ku Beijing. Ambiri adali kalikiliki kufunafuna mapasipoti a Canada ndi Australia, Phiri la Golide latsopano. Munthu wopanga filimu m'nyengo yotero sakadanena kuti mavuto onse amabwera ndi chombo. Oonerera akadamuseka.

Mwina mukufunsa kuti ife zikutikhudza pati, kupatula kuti tidataya matambala athu kuvidiyo sho. Pali pomwe njira zathu zidakumana. Pakati pa 1904 ndi 1910, Matchaina oposa 60,000 adatengedwa pakontirakiti kukakumba golide m'migodi ya ku Transvaal, kufupi ndi Johannesburg, komwe ife timati ku Joni. Migodi yomweyo ndiyo idameza agogo athu kudzera ku Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, yomwe idapha aMalawi 74 akubwerera kumudzi, idachititsa Kamuzu Banda kuimitsa ulendowo. Phiri la Golide ifenso tidalikwerapo, ndipo tikudziwa chifuwa chomwe ambiri adabwera nacho.

Lero phirilo langosintha dzina. Mu 2024, BBC Africa Eye idaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene adakodwa m'dziko la Oman, komwe adapita atalonjezedwa ntchito zabwino koma n'kukapezeka ali ngati akapolo m'nyumba za eni. Funsani aliyense amene adapitako mwa njira zoterezi kuti adamva kwa yani za ntchitoyo. Kawirikawiri ndi munthu woyankhula chiyankhulo chake, wa pa Facebook kapena pa WhatsApp, mwina wopemphera naye limodzi.

Ndipo tisanamizane kuti wodyera anzake masuku pamutu ali ndi khungu limodzi. Dziko lomwe lidalira ndi pangano la Nanking lero ndi lamphamvu, limakongoza maiko ndi kumanga misewu mu Africa muno, kuphatikizapo kwathu kuno. Mu 2022 tidaona nzika ina ya dziko lomwelo ikujambula ana a m'mudzi wina ku Lilongwe, kuwanenetsa mawu odzinyoza okha m'chiyankhulo chomwe sakuchimva, n'kumagulitsa mavidiyowo pa intaneti. Khoti lidampeza wolakwa. Sindikunena izi kuti tidane ndi Matchaina, monganso filimu ija sikutiuza kuti tidane ndi wansembe uja. Ndikunena kuti Jackson ndi mpando, ndipo aliyense amene ali ndi chombo ndi ndalama atha kukhalapo. Ngati filimu ya Matchaina ikutiphunzitsa kanthu, n'chakuti pangano lililonse liwerengedwe lisanasainidwe, kaya wabwera nalo ndi wochokera kumadzulo kapena kummawa.

Choncho pempho langa ndi laling'ono. Kwa boma: makampani onse otumiza anthu kunja akhale m'kaundula woti aliyense atha kumuona, ndipo mapangano otumiza achinyamata athu kukagwira ntchito m'maiko ena aikidwe poyera, asakhale chinsinsi cha nduna. Lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu tili nalo kuyambira mu 2015, ligwire ntchito pa dobadoba wa pamsika ndi wa muofesi yemwe. Kwa makolo ndi achibale: mwana akabwera ndi nkhani ya ntchito yakunja, musathamangire kugulitsa mbuzi. Funsani dzina la kampani, onani kontirakiti, pezani wodziwa kuwerenga akuwerengereni, ndipo mufunse kuti pasipoti ikakhala m'manja mwa yani akafika. Kwa tonsefe: tikamudziwa wogulitsa ana a anzathu, tikaikire umboni. Anthu a ku Foshan aja adakhala chete, ndipo mapeto ake moto udafika pa chipatala chomwe chinkawachiza.

Sindikuti anthu asapite kunja. Njala ya kuno tikuidziwa tonse, ndipo ambiri amene adapita mwadongosolo akumanga nyumba ndi kuphunzitsa abale awo. Koma filimuyi imakusiya ndi funso lomwe liyenera kutisowetsa tulo: ngati golide ali kutsidya kokhakokha, nanga zombo zawo zikudzatani padoko lathu?

Mukaipeza filimuyi, kaya pafoni kaya kwa anyamata oika mafilimu pamsika, ioneninso ndi ana anu. Makwerero aja akadali okoma ngati kale. Koma anthu akakhala pansi n'kuyamba kuyankhula, chonde musaithamangitse.